Mapaipi a achimwene ndi chimbale chopanda mawu ku Joni

Basi inanyamuka pa Wenela ku Blantyre m'mawa, ndipo za Mwanza, mlatho wa Zambezi ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge sindinena zambiri. Ndingochenjeza aliyense wopita ku Joni mwezi wa June kuti atenge jekete lochindikala, chifukwa mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndipo chisanu chake chimalowa mpaka m'mafupa. Achimwene anga, mwana wa amayi aakulu, amene ndi pulambala ndipo akhala ku Joni zaka zambiri, anandichingamira pa Park Station ndi pikapu yawo yodzaza mapaipi a pulasitiki.

Tili cha ku Booysens, tisanafike ku Rosettenville kumene amakhala, fanibeluti inaduka ndipo tinakankhira galimoto pamalo omwetsera mafuta. Makaniko anati akubwera pompano, koma tinamudikira maola atatu, ndipo atafika anatilipiritsa R450, mtengo umene mpaka lero ndimaona kuti unali wobooleza m'thumba.

Tikudikira choncho, achimwene analowetsa chimbale muwailesi ya m'galimoto n'kunena kuti, “Mphwanga, tamvera izi, undiuze chimene chikulira.” Munalibe woimba ndi pakamwa. Munali magitala ndi ng'oma zachizungu, koma pamwamba pa zonsezi pankamveka kulira kwina kofewa, kwamphako, kothamanga ngati madontho a mvula akugwera m'mitsuko yosiyana kukula. Ndinati, “Achimwene, amenewa si mangolongondo kapena valimba?” Anapukusa mutu n'kuloza kumbuyo kwa pikapu.

Chimbalecho chimatchedwa Audio, chinatuluka mu 1999, ndipo ndi cha gulu la zisudzo la ku New York lotchedwa Blue Man Group, limene amuna ake atatu amadzipaka utoto wa buluu kumutu konse ndipo salankhula pa nsanja. Zina mwa zida zawo anazipanga okha ndi mapaipi a PVC, mtundu womwewo umene achimwene amalumikiza m'nyumba za anthu tsiku ndi tsiku. Achimwene anachigula pa R30 kwa wogulitsa zimbale zakale, ataona kanema wa gululi pa foni ya mnzawo wa kuntchito.

Anatsika, anasolola zidutswa zinayi za paipi zosiyana utali, n'kuziyala pa chitseko cha kumbuyo kwa pikapu. Anatenga patapata wakale amene amagwadira akamagwira ntchito, n'kumenya nayo pakamwa pa paipi yaitali. Inalira mozama ngati gunda. Yaifupi inalira mokwera. Anandifotokozera kuti chimene chimalira ndi mpweya wa m'kati, osati pulasitiki, ndipo kuti ukadula paipi pakati umapeza liwu lomwelo koma lapamwamba, monga mmene mawu a amayi amakhalira pamwamba pa a abambo poimba nyimbo imodzi m'tchalitchi. Zala zawo zinali zolimba ndi guluu wa mapaipi, koma ankatsata chimbalecho osaphonya, ndipo ine ndinazindikira kuti munthu ameneyu, amene ankaimba ng'oma kumudzi tili ana, sanasiye luso lake ngakhale kuti ntchito inamumeza.

Posakhalitsa mnyamata wotsuka galimoto, amene anavala jombo zamphira, anawerama n'kuyamba kuomba manja pa jombozo ndi kupondaponda pansi motsatira mapaipi. Gule wa jomboyu anakulira m'migodi ya golide ya ku Joni, mmene agogo athu ankapita kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi la Wenela mpaka 1974, pamene ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchitoyo. Poona mnyamatayo ndinakumbukira agogo anga, amene anabwerako ndi chifuwa chosatha ndi bokosi lachitsulo.

Pambuyo pake ndinamvera chimbalecho ndekha m'chipinda, ndipo ndinaona kuti n'chokoma koma chikusowa kanthu. Kwathu woimba mbalule amayang'ana miyendo ya wovina, ndipo ng'oma yopanda fumbi la pabwalo imakhala yosakwanira. Nyimbozi zinabadwira pa nsanja, choncho khutu lokha silingazitolere zonse. Chimene chimandiwawa n'chakuti kwathu mwana akamamenya zitini ndi zigubu timamukalipira kuti akusokosa, pamene ena anatenga mapaipi a zimbudzi n'kudzaza nawo nyumba za zisudzo.

Pobwerera achimwene anandidulira mapaipi asanu, n'kulemba manambala pa iliyonse kuyambira yaitali mpaka yaifupi. Kondakitala anafuna ndalama yapadera ya katunduyo, ndinalipira R50, ndipo ndinawamangirira pamodzi ndi lamba wa chubu kuti asasweke pansi pa masutikesi a anthu.