Matumba a ku Misuku anafika Lachiwiri

Ntchito yanga ndi yokazinga ndi kulawa khofi pa kampani ina yaing'ono kufupi ndi Ginnery Corner mu Blantyre. Lolemba lonse ndinali pa foni, chifukwa lole yonyamula matumba athu kuchokera ku Misuku, m'boma la Chitipa, inali isanatulukire. Dalaivala anati anavutika kutsika mapiri mpaka pa Kapoka, pomwe msewu wa ku Misuku umakumana ndi wa Karonga. Amene anayendako sangamudzudzule.

Lachiwiri m'mawa katundu anafika. Ndinayeza chinyezi, ndinapeza 11 pa 100, mmene timafunira. Nditakazinga pang'ono khofi wa mitundu ya Geisha ndi Catimor kuti ndilawe, fungo linadzaza chipinda chonse mpaka alonda anasuzumira pakhomo. Khofi wotere sachokera kumakina athu ayi. Amachokera m'manja mwa munthu amene anathyola zipatso zofiira zokhazokha, n'kusiya zosapsa.

Lachitatu ndi limene landikhalabe mumtima. Anandiimbira mayi ena achikulire omwe ndinagona kwawo nditapita kukaona minda chaka chatha.

"Mwanangu, khofi wathu mwamuona bwanji?"

"Ndi wabwino zedi, mayi. Mwagwira ntchito."

"Nanga ngati ndi wabwino, mtengo ukwera?"

Ndinasowa chonena. Anandifotokozera kuti chigwereni kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, feteleza, sopo, mchere ndi thiransipoti yopita ku Chitipa boma zonse zinathawa, ndipo zimene amalandira sizikuzipeza. Ambiri kuno sadziwa kuti mlimi amathyola makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi a zipatso kuti patuluke kilogalamu imodzi ya khofi woti n'kukazinga. Mtengo ukabzalidwa, amaudikira zaka zitatu usanabereke. Ndalama imabwera nyengo imodzi pachaka, ina n'kuchita kudikira kuti khofi agulidwe kaye. Miyezi yotsalayo banja limadalira nthochi, nyemba ndi uchi. Komatu malata a nyumba yawo ndi a khofi, kasola kapadenga ndi ka khofi, mdzukulu ali ku sekondale chifukwa cha khofi yemweyo. Nkhawa yawo yaikulu ndi ya anyamata: akuti ambiri akutsikira ku Karonga ndi ku Mzuzu, sakufuna za mitengo yochedwa kubereka.

Lachinayi ndinalowa mu ofesi ya abwana ndi mapepala anga. Ndinawapempha kuti chaka chamawa tizilipiriratu gawo lina khofi asanatsike phiri, ndalamayo ifike nthawi yogula feteleza. Anandionetsa mabuku, mtengo wa dizilo ndi wa mapaketi omwe timaitanitsa kunja, ndipo sanali kunama. Anati aganizapo.

Pobwerera kunyumba ndinadutsa pa HHI, pa Mishoni ya Blantyre. Pamishoni pomwepo ndi pamene Jonathan Duncan, wosamalira minda ya mishoni, anabzala khofi wochokera ku Edinburgh mu 1878, ndipo m'zaka za m'ma 1890 khofi ndiye ankatsogola pa zimene dziko lino linkagulitsa kunja. Lero ife a mu Blantyre tazolowera tiyi, khofi wathu wabwino amakamwedwa kutsidya kwa nyanja. Zimandiwawa, chifukwa tikanamamwa tokha, mlimi sakanangodalira mtengo woikidwa ndi anthu akutali.

Lachisanu magetsi anazima khofi ali pamoto. Mmene jenereta imalira, makilogalamu khumi anali atapsa mbali imodzi. Pomuwola m'makinamo ndinaganiza za madengu angati a zipatso omwe mayi aja anasenza kuti apezeke ameneyu.

Chakumadzulo abwana anandiitana, anati avomera kuyesa kulipiriratu pa matumba makumi awiri. Ndinaimbira ku Misuku katatu, netiweki osagwira. Ndinatumiza uthenga kwa mdzukulu wawo kuti akawawerengere, ndipo Loweruka m'mawa yankho linabwera: agogo akuti mvula ikayamba abzala mbande zina.