Magetsi a galimoto akachita chikasu: mmene ndinawayeretsera pakhomo

Magetsi akutsogolo a Sienta yanga tsopano akuwala ngwee, ndipo ntchito yake ndagwirira pabwalo la nyumba konkuno ku Chitakale. Mtima wakhala m'malo, komabe ndikakumbuka ndalama ndi tsiku lathunthu limene anthu ena anandidyera, ndimapsanso mtima. Ndiye ndati ndilembe, mwina wina apulumukirepo.

Amene amayenda usiku msewu wa ku Thyolo m'miyezi ya chiperoni akudziwa chimene ndikunena. Ukangodutsa Bvumbwe nkhungu imayamba, m'mbali mwa msewu muli anthu oyenda pansi, akabaza opanda nyali, njinga zosenza nthochi ndi makala. Ine ndimayenda nditasunzumira pachiwongolero, maso tong'o, fulu ndayatsa koma kuwala kukungothera pamphuno pa galimoto. Ndinasintha mababu, palibe chinasintha. Vuto silinali babu, linali chivundikiro chakunja chija. Ambiri timati ndi galasi koma si galasi ayi, ndi pulasitiki yolimba yotchedwa polycarbonate, ndipo kufakitale amaikutira ndi kachikopa kopyapyala koteteza ku dzuwa. Kachikopako kakapsa ndi dzuwa, kuphatikiza fumbi ndi timiyala tamumsewu, ndiye chikasu ndi mbuu tikuonayu. Magalimoto athu ochokera ku Japan amafika kuno atayenda kale zaka zambiri, dzuwa lathu limangomalizitsa.

Musanagule kanthu, gwirani kaye ndi chala. Ngati kunjaku kukumveka kokhakhala, nkhani yake ndi imene ndikufotokozayi. Koma ngati kunja kuli see ndipo mkati mukuoneka timadontho ta madzi, ndiye kuti penapake pakulowa chinyezi, mwina labala lakumbuyo kwa babu lathawa kapena pali mng'alu. Pamenepo ngakhale mupale mpaka manja atupe, simuphula kanthu.

Poyamba ndinakapereka galimoto pamalo ena otsukira magalimoto. Mnyamata wake anati, “Bwana, izi n'zazing'ono, khalani apo muone.” Anapaka mankhwala otsukira mano, n'kupukuta, kenako anadontheza mafuta a mabuleki pakansanza n'kudutsitsa. Magetsi anawaladi, ndipo anandilipiritsa ndalama yoti ndikanathira petulo wopita ku Limbe ndi kubwerako. Sipanapite nthawi chikasu chinabwerera, chochuluka kuposa kale, ndipo pabampala pamene mafuta aja anadonthera penti inatupa. Abale anga, mafuta a mabuleki amadya penti, asayandikire galimoto yanu kunja kwa malo ake. Chimodzimodzi thina wosungunulira penti, petulo ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu amene ena amatama. Zimenezi zimasungunula pamwamba pa pulasitiki, zimawala tsiku limenelo basi, pambuyo pake timing'alu tating'onoting'ono mbwee. Mankhwala otsukira mano okha saononga, amachotsako litsiro pang'ono, koma kachikopa kakufa kaja samakachotsa.

Amene ananditsegula m'maso ndi madala ena opopera penti ku Luchenza. Sanandilipiritse ngakhale tambala. Anati, “Achimwene, apa palibe matsenga. Palani chakufacho chichoke, kenako muvekenso china chatsopano. Mukapala n'kusiya osaveka, miyezi ingapo mubweranso kuno mukulira.” Anandiuza kuti ndipeze sandipepa yamadzi, nambala 600, 1000 ndi 2000 (nambala ikamakwera, sandipepa imakhala yosalala kwambiri), masking tape, ndi kachitini ka kiliya (penti wopanda mtundu, woonekera mkati) yopopera yolembedwa kuti imapirira dzuwa.

Tsopano apa ndi pamene pali nkhani yondiwawa. Ya 600 ndi ya 1000 ndinaipeza mosavuta, koma 2000 kuno inasowa. Ndinayenda m'mahadiweya a pa Chitakale, kupita ku Boma, kufunsa mpaka ku Limbuli, aliyense akungonditulutsira sandipepa yamatabwa ya akalipentala. Munthu wina anandipatsa nambala ya sitolo ina mumzinda. Ndinaimba, ndinafunsa momveka bwino, yamadzi, nambala 2000, ndipo anandiyankha kuti, “Ilipo yambirimbiri akulu, ingobwerani.” Ndinasiya ntchito zanga, ndinalawirira kudzera ku Midima. Kufika, mwini wake kulibe, akuti wapita kubanki. Ndinakhala pabenchi mpaka dzuwa kufika paliwombo, njala ikundipweteka. Atabwera anatsegula kabati n'kunditulutsira mpukutu wa nambala 120, yofiirira ija yopalira zitseko, n'kumandiuza mopanda manyazi kuti zonse ndi chimodzimodzi, ndingopala mopepuka. Nambala 120 pa pulasitiki ya magetsi! Imeneyo ingakumbe mizere yoti kuichotsa kwake mungalire nayo. Chimene chimandiwawa mpaka lero si kusowa kwa katunduyo, sitolo iliyonse zinthu zimatha. Ndi bodza lapafoni lija. Munthu ukumuuza kuti ndikuchokera ku Mulanje, iye osaganizako za petulo wako, bola ufike pakhomo pake mwina ugula china. Sandipepayo ndinakaipeza chakumadzulo m'sitolo yogulitsa penti wa magalimoto ku Limbe, ndipo mtengo wake sunafike n'komwe pa ndalama ya chakudya chamasana chimene ndinadya podikira. Choncho musataye nthawi m'mahadiweya a simenti ndi misomali, lunjikani kwa ogulitsa penti wa magalimoto. Ndipo akakupatsani, itembenuzeni muwerenge nokha nambala kumbuyo. Yamadzi nthawi zambiri imakhala yakuda kapena yotuwa.

Ntchito yeniyeniyo si yovuta. Tsukani magetsi ndi sopo, matani tepi kuzungulira m'mphepete monse, kawiri kapena katatu pamalo amodzi chifukwa sandipepa ikaphonya imakanda penti. Tsegulani boneti kuti mbali yam'mwamba ipezeke bwino. Sandipepa idulenidulenitu tizidutswa, muviike m'ndowa kwa mphindi 10 kapena 15 kuti ifewe. Ine ndinaboola chitsekero cha botolo la madzi akumwa ndi msomali, mwana wanga wamkulu ndiye amafinya madzi ine ndikupala.

Yambani ndi 600, mukupala chopingasa, kumanzere kumanja, osati mozungulira. Madzi asaleke kuyenderera. Poyamba amatsika achikasu ngati tiyi wosululuka, ndipo pitirizani mpaka ayambe kutsika oyera. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, musafulumire. Mukapukuta n'kuuma, muyang'ane ngati patsala tizigamba tonyezimira kapena tachikasu, makamaka m'makona ndi m'mphepete mwam'mwamba momwe dzuwa limamenya kwambiri. Tikatsala, kiliya idzativundikira ndipo tizidzaoneka mpaka kalekale. Ndikuchenjezeni, pamenepa magetsi amaoneka oipa kuposa mmene analili, oyera mbuu, babu osaoneka n'komwe. Mayi a kunyumba atatuluka anagwira pakamwa n'kunena kuti, “Bambo a Chisomo, mwaononga galimoto.” Musachite mantha, ndi mmene zimayenera kukhalira.

Kenako 1000, koma tsopano mukupala chotsika ndi chokwera. Kusintha mbaliku kuli ndi ntchito: mizere yopingasa ya 600 ikatha kuoneka, mumadziwa kuti 1000 yamaliza gawo lake. Mukatero 2000, chopingasanso. Musadumphe nambala, 2000 singafafanize mizere ya 600 payokha. Mukathira madzi pamapeto, magetsi amaoneka oyera ngati atsopano, akauma mbuu wopepuka amabwerera. Mmene akuonekera ali onyowamo ndi mmene adzaonekere mukapopera kiliya.

Ndaiwala kunena, madala aja anandiletsa kupaka polishi ndisanapopere. Polishi wambiri amakhala ndi mafuta kapena phula, ndipo kiliya sigwira pamalo oterera, imadzasupuka. Ngati mwasankha njira ya polishi yekha, magetsi awala ndithu, koma muzidzabwereza pafupipafupi chifukwa pulasitiki yatsala pamtunda. Opopera ena amalekezera pa 1000 kuti kiliya igwire kwambiri, ndiye werengani zimene zalembedwa pachitini chanu. Mukamaliza kupala tsukaninso ndi madzi oyera, pukutani ndi nsalu yosasiya ubweya, ndipo musagwirenso ndi zala.

Chimene chinandichedwetsa ndi nyengo. Kupala ndinamaliza bwinobwino, m'mawa mwake phiri lonse osaoneka, kamvula kowaza kaja kayamba. Kiliya sifuna chinyezi, mukapopera kunja kuli chiperoni imauma yotuwa ngati mwapumira pagalasi, ndipo mubwereranso ku sandipepa. Ndinaimika galimoto kudikira kuti kuche bwino, usiku osayenda nayo chifukwa magetsi opalidwa samwaza kuwala moyenera. Inu yang'anani kaye kumwamba musanayambe n'komwe kupala. Kuno nthawi yabwino ndi tsiku louma, chakum'mawa mame atauma koma mphepo isanayambe kuulutsa fumbi, galimoto ili pamthunzi.

Popopera, phimbani boneti, bampala ndi mbali zonse ndi manyuzi akale, chifukwa utsi wake umafika patali. Wazani madzi pansi kuti fumbi lisadzuke, ndipo nkhuku zitsekereni. Valani chotchinga pamphuno, ana apite kutali, makamaka ngati mwagula kiliya ya 2K yosakaniza ndi hadena (mankhwala oumitsa penti), imene ndi yolimba kwambiri koma mpweya wake ndi woipa m'mapapo. Khutchumulani chitini mokwanira, chikhale pamtunda wa masentimita 20 kapena 25, ndipo dzanja liziyenda osaima. Ulendo woyamba ungokhala wopepuka, dikirani mphindi zimene alemba pachitini, kenako bwerezani kawiri mokhuthalako. Mukaunjika pamalo amodzi imayenderera n'kusiya misozi. Tepi muchotse mosamala isanaumiretu, ndipo galimoto igone tsiku lonse osakhudza madzi kapena kulowa msewu wafumbi.

Ndibwerezenso za sandipepa, chifukwa ndi zimene zinandidyera tsiku: gulani nambala zonse, tepi ndi kiliya pa ulendo umodzi, kwa ogulitsa penti wa magalimoto, ndipo wina akakuuzani pafoni kuti ilipo, muuzeni ajambule kumbuyo kwake akutumizireni pa WhatsApp musanalize galimoto.

Magetsi atayera ndinaona chinanso chimene chikasu chimabisa: lakumanzere limaloza m'mwamba. Madalaivala a minibasi amandiphethirira ngakhale nditadima. Usiku ndinaimika galimoto pamalo osatsetsereka moyang'ana khoma, ndinaona kuti mbali imodzi yakwera, n'kutembenuza kasikuluwu kakumbuyo kwa getsilo mpaka zonse zinafanana. Ngati musinthanso mababu a halogen, musagwire galasi lake ndi zala, mafuta a m'manja amalifupikitsa moyo. Ndipo masana, ngati pali mtengo kapena khonde, imikani galimoto mphuno ili kumthunzi.