Kope langa la madeti: ndafika pa 16 Juni

Kope limene ndinayamba mu Januwale lolembamo anthu obadwa ndi zochitika za deti lililonse m'mbiri, la masamba 366, tsamba limodzi tsiku limodzi, tsopano lafika pa tsamba 168. Lamulo langa silinasinthe: nkhani imene ndaipeza m'malo awiri odalirika ndimalemba ndi bolopeni, imene ndikuikayikira imatsala ya pensulo.

Masamba ambiri ndimadzaza usiku umodzi ndikaweruka kuntchito. Ili landitengera sabata yathunthu.

Obadwa pa tsikuli sanandivute. Stan Laurel, wa mafilimu oseketsa akale aja, 1890. Jürgen Klopp, amene anaphunzitsa Liverpool, 1967. Tupac Shakur, woimba wa ku America, 1971, ku New York. Kampani ya galimoto ya Ford inakhazikitsidwa pa 16 Juni 1903. Imene inandikoma kwambiri ndi ya 1963, pamene Valentina Tereshkova anakwera chombo cha Vostok 6 n'kukhala mayi woyamba kupita mumlengalenga. Anazungulira dziko ka 48 m'masiku pafupifupi atatu, ali ndi zaka 26 zokha, munthu amene poyamba ankagwira ntchito m'fakitale ya nsalu.

Koma nditafika pa 1976 dzanja linaima. Kukhala kuno ku Joni zaka zonsezi, n'kulemba za Soweto kuchokera pa foni? Ndinaona kuti si bwino. Loweruka ndinakwera takisi pa Bree mpaka Orlando West, limodzi ndi achimwene a ku Dedza amene timapemphera mpingo umodzi, ndipo tinalowa mu Hector Pieterson Museum.

Ana asukulu a ku Soweto anatuluka m'makalasi pa 16 Juni 1976 kukana lamulo loti maphunziro ena, monga masamu, aziphunzitsidwa m'Chiafrikaans. Apolisi anawaombera. Chithunzi chimene anajambula Sam Nzima tsikulo ndinachionapo kambirimbiri, koma kuima patsogolo pake n'kwina: Mbuyisa Makhubo atanyamula Hector, mwana wa zaka 12, mlongo wake Antoinette akuthamanga pambali akulira. Dzina limene sindinkalidziwa ndi la Hastings Ndlovu, wa zaka 15, amene nayenso anaomberedwa tsiku lomwelo. Ndamupatsa mzere wakewake. Chiwerengero cha omwalira ndachisiya cha pensulo, chifukwa mabuku ambiri amati 176 pamene ena amatchula mazana angapo kuposa apo.

Tikutuluka achimwene aja anandifunsa kuti, “Achimwene, Klopp ndi ana awa mukawaika tsamba limodzi?” Funsoli linandisowetsa tulo. Nditaganiza ndinaona kuti inde, akhale pamodzi, poti n'chifukwa chake ndinayamba kopeli. Tsiku limene ana ankathawa zipolopolo ku Orlando, Tupac ankakwanitsa zaka 5, Klopp zaka 9, onse ana aang'ono kuposa Hector. Ukawaika motalikirana zimenezi suziona. Chimene ndasintha ndi kakonzedwe: 1976 ndaiika pamwamba, yatenga theka la tsamba, enawo atsika m'munsi motsatira zaka.

Pansi penipeni ndawonjezera 1991, chaka chimene bungwe la mgwirizano wa mayiko a mu Africa la OAU linayamba kukumbukira 16 Juni ngati Tsiku la Mwana wa mu Africa. Kumudzi tinkaguba pa tsikuli tili ku pulayimale, osadziwa kuti linachokera pa msewu umene ndinaimapo Loweruka.

Mawa ndiyamba tsamba 169. Ndipumulenso ndikafika pa 6 Julayi, poti pamenepo pali 1964 ndi 1966 yathu, ndipo ndikufuna ndikachezere madala ena a ku Rosettenville amene anaona mbendera ikukwera.