Mfuti ya pa nsanja ija ndi kalata ya Chilembwe

Temu ino tikuphunzira mbiri ya mipingo ya m'Malawi, ndipo mutu umene ndinapatsidwa kuti ndiukambe pagulu ndi wa Abaptisti. Kunena zoona ndinadandaula. Kuno ku Mangochi timadzuka ndi kuitana kwa kumzikiti, ndipo ukati tchalitchi, anthu amayamba aganiza za Akatolika, kapena Achianglikani a ku Malindi. Ndinkaona ngati nkhani ya Abaptisti ndi ya ku Chiradzulu, sikutikhudza ife a kunyanja.

Ndinayambira pa Joseph Booth, amene anafika m'dziko muno mu 1892 n'kukhazikitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi. Mnyamata wina, John Chilembwe, ankagwira ntchito pakhomo pake. Mu 1897 Booth anapita naye ku America, kumene Chilembwe anaphunzira zaubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Atabwerako mu 1900 anatsegula Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Chimene sindinkachidziwa n'chakuti ndalama ndi antchito omuthandiza zinkachokera kwa Abaptisti akuda a National Baptist Convention, ana ndi zidzukulu za akapolo. Anatumiza Landon Cheek ndi Emma DeLaney. Ndinaima kaye pamenepo, chifukwa dera lathu lino linali njira ya akapolo, ndipo mu 1891 azungu anamanga Fort Johnston pafupi ndi kwa Mponda ponena kuti akutseka njirayo.

Koma chinandigwira mtima ndi kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914. Ankafunsa chifukwa chimene anthu akuda osauka ankafera pa nkhondo ya azungu, nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kusiya akazi amasiye ndi ana, pamene pa nthawi ya mtendere sankawerengedwa ngati anthu. Tsiku lotsatira ndinakwera kabaza kupita kumsika, ndipo podutsa pa nsanja ya wotchi pafupi ndi mlatho ndinauza wakabaza kuti, "Achimwene, taimani kaye." Pali mfuti ija ya sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu. Ndakhala ndikuidutsa kuyambira ndili kupulayimale. Ana amakhalapo akudya chimanga chootcha. Ndinaigwira, chitsulo chili chotentha ndi dzuwa, n'kuzindikira kuti nkhondo imene mbusa uja ankaidandaula ndi yomweyi, inadutsa pakhomo pathu penipeni.

Zotsatira zake tonse timazidziwa: kuukira kwa pa 23 Januwale 1915, kuphedwa kwa William Jervis Livingstone ku Magomero kumene thangata linali litafika posauzana, imfa ya Chilembwe pa 3 Febuluwale, ndi kugwetsedwa kwa tchalitchi cha ku Mbombwe. Zodula mutu wa Livingstone zija sindingazivomereze, ndipo ndinanena choncho m'kalasi ngakhale ena sanakondwe. Komabe munthuyu anayamba ndi sukulu, kenako cholembera. Atamutsekera makutu m'pamene anatola zida.

Amene sitimutchula kawirikawiri ndi Dr Daniel Malekebu, amene anatsegulanso PIM mu 1926. Iye anayenda mosamala pamaso pa boma lomwe linkamukayikira, namanganso mpingo mwakachetechete. Abaptisti a Southern Baptist anabwera mochedwa, mu 1959, ndipo kuchokera mu ntchito yawo munabadwa Baptist Convention of Malawi. Choncho munthu akati "Abaptisti", funsani kuti ati, pakuti mitsinje yake ndi yosiyana magwero.

Ine ndinakula ndikumva kuti abusa asamalowerere ndale. Mayi anga amatero mpaka lero. Tsopano mawu amenewa ndimawamva ndi khutu lina. Ngati ndale ndi kuvala nsalu ya chipani paguwa, mayi akunena zoona. Koma msonkho, malo olima, mwana wotengedwa kupita kunkhondo, zimenezi mbusa angazithawe bwanji pamene olirawo akhala pa mabenchi ake? Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma pa 8 Malichi 1992, patapita miyezi yochepa kunabadwa Public Affairs Committee, momwe Akhristu ndi Asilamu anakhalira pamodzi, ndipo pa 14 Juni 1993 anthu anavotera zipani zambiri.

Mnzanga wa m'kalasi, Msilamu wa kwa Makanjira, nditamuwerengera zimene ndalemba anati, "Iwe, bambo ake a Chilembwe anali Myao, ulembemo zimenezo." Ndalembamo. Tagwirizana kuti tikatsekera tikwere minibasi ya ku Limbe, tikafike ku Mbombwe tikaone tchalitchi chimene Malekebu anamanga.