Sabata ya mapauta ndi makhonsolo ku dipatimenti ya zamalamulo

Lolemba linali la mapauta. Ndine mkulu wa dipatimenti ya zamalamulo pa yunivesite ina muno mumzinda wa Tete ku Mozambique, ndipo mayeso akangotha mphunzitsi aliyense amanditulira pauta, pepala la malikisi a kalasi yake. Malikisi kuno amayambira pa 0 kulekeza 20, wopeza 10 ndiye wakhoza. Ndimawerenga dzina ndi dzina n'kusayina. Pepalalo limapita kwa wachiwiri kwa mkulu wa faculdade (gawo la yunivesite lomwe dipatimenti yathu ilimo) woona za kaphunzitsidwe, iyenso asayine, kenako lifike ku Registo Académico komwe amasunga mbiri ya wophunzira aliyense. Likangomatidwa pakhoma, ngakhale ine sindingasinthemo nambala.

Abale anga ku Ulónguè amayesa kuti mkulu wa dipatimenti amagamula zonse yekha. Ayi ndithu. Pamwamba pali Reitor, mkulu wa yunivesite yonse, ndi khonsolo yaikulu ya yunivesite, kulikulu komwe kuli kutali ndi Tete. Pansi pawo pali mkulu wa faculdade, yemwe amayendera nzeru za makhonsolo awiri. Conselho Científico imaona zoti ziphunzitsidwe, oyenera kuziphunzitsa, ndi mitu ya kafukufuku. Conselho Pedagógico imaona za mayeso, ndandanda ya maphunziro ndi madandaulo, ndipo ophunzira ali ndi mpando wawo mmenemo. Yanga ntchito ndi kugawa maphunziro: phunziro lililonse likhale ndi regente, mwini wake woliyankhira, ndi assistente womuthandiza. Kunja kwa mpanda kulinso CNAQ, bungwe la boma loyeza ngati digiri yathu ya zaka 4 ikukwanira pa muyezo.

Lachiwiri kunabwera mtsikana wa kalasi yamadzulo, mwa aja amagwira ntchito masana ku Moatize n'kuwoloka Zambezi dzuwa likupendeka. Anapeza 9 pa phunziro la mapangano ndi ngongole. "Aphunzitsi, ndithandizeni," anatero atakhala m'mphepete mwa mpando, "funso lomaliza ndinayankha bwino, koma sindikuona kuti analiwerengera." Ndinamuuza zomwe malamulo athu amanena: alembe kalata yopempha kuti pepala lake liunikidwenso, ndipo mkulu wa faculdade asankha aphunzitsi atatu, kupatula amene anachonga poyamba.

Regente wa phunzirolo ndi loya wodziwika, wamkulu kwa ine m'zaka ndi m'ntchito yomwe. Sizinamukomere. "Achimwene, ndiye kuti mukundikayikira?" Ndinayankha kuti bambo, ndime yomweyi ndi imene idzakutchinjirizeni tsiku lomwe wina adzakunamizireni kuti munakondera. Atatu aja atatsegula pepala anapeza tsamba lakumapeto losachongedwa, litamatirirana ndi linzake. Malikisi anakwera kufika 11. Analemba acta, chikalata cha zomwe anagwirizana, onse anasayina, pauta inakonzedwa poyera. Mtsikanayu akanadalira chifundo changa chokha, ndikanalimba mtima kutsutsa munthu amene ndimamupatsa ulemu chotere? Mwina ayi. Tingaphunzitse bwanji ana a eni kuti wogamula mlandu asadzaumvenso yekha pa apilo, ifeyo tikuchita zosiyana m'nyumba mwathu?

Lachitatu ndinalimbana ndi ndandanda ya semesita ikubwerayi. Aphunzitsi athu ambiri ndi maloya, oweruza ndi oimira boma pa milandu, ndipo onse amafuna maola amadzulo akaweruka kukhoti. Zipinda zake n'zochepa. Ndinathera tsiku pafoni.

Lachinayi ndiye linali tsiku lomwe ndinkaliyembekezera. Ndinatula ku Conselho Científico pempho loti tikhale ndi phunziro lokakamiza la malamulo a malo ndi migodi, lomwe ophunzira azikamvera nkhani za anthu m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe. Mabuku ndi makhoti athu amayankhula Chipwitikizi, koma milandu ya chigawo chino imabadwira kumunda. Lamulo la malo la 1997, nambala 19/97, limati nthaka ndi ya boma, komabe amene akhala pamalo potsata mwambo wa makolo, kapena mwachilungamo kwa zaka 10, ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo ngakhale alibe chikalata, ndipo umboni wapakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzimo umalandiridwa. Loya wosatha kumva umboni wotere m'chinenero cha mwini wake athandiza ndani? Tonse tikukumbukira mabanja omwe anasamutsidwira ku Cateme pamene mgodi wa malasha unkatsegulidwa ku Moatize, ndipo lamulo la kasamutsidwe ka anthu, Decreto 31/2012, linabwera iwo atasamuka kale. Ndime 4 ya malamulo aakulu a dziko a 2004 imavomerezanso njira zosiyanasiyana zoweruzira zomwe zilipo pakati pa anthu, bola zisatsutsane ndi malamulo aakuluwo.

Palibe anatsutsa cholinga cha pempho langali. Chovuta n'chakuti maphunziro athu ayenera kufanana m'nthambi zonse za yunivesite, ndipo makredito a digiri, mapointi oyezera kuchuluka kwa maphunziro, ndi owerengedwa kale: kulowetsa phunziro latsopano ndiye kuti lina lichoke kapena lichepe. Zotere amagamula ndi akulikulu. Mtima unandiwawa, ndipo nkhope inaonetsa. Mayi wina wachikulire amene anaphunzira ku Maputo anatikumbutsa kuti faculdade ya zamalamulo ya pa yunivesite ya Eduardo Mondlane inatsekedwa ndi boma mu 1983 n'kudzatsegulidwanso mu 1987. "Mwana wanga," anatero akundiyang'ana, "maphunziro a zamalamulo akamasintha ndi liwu la munthu mmodzi, amathanso kutsekedwa ndi liwu la munthu mmodzi." Tinagwirizana kuti ulendo wokamvera milandu uyambe tsopano kwa ofuna okha, pempho lenilenilo likwere kulikulu ndi acta yathu.

Lachisanu mnyamata wa ku Tsangano anateteza monografia yake, kafukufuku womalizira digiri, pamaso pa aphunzitsi atatu: wapampando, wotsutsa, ndi amene anamuwongolera. Analemba za makhoti a m'midzi okhazikitsidwa ndi lamulo 4/92, ndi momwe amaweruzira za munda wa masiye komwe mwamuna anali mkamwini. Wotsutsa anamupanikiza zolimba, iye osagwedezeka. Malume ake anabwera atavala jekete m'kutentha konse kwa Tete, ndipo atamva kuti wakhoza anandigwira dzanja: "Bambo, ndiye kuti tapeza loya kwathu?" Ndinawafotokozera kuti padakali ulendo. Ofuna uloya amayamba aphunzira ntchito pansi pa bungwe la maloya la Ordem dos Advogados, ofuna kuweruza amapita kusukulu ya oweruza ku Matola. Mnyamatayo ndamupempha kuti adzatsogolere gulu loyamba lokamvera milandu, ndipo kalata yopempha khoti la m'mudzi kuti litilandire ili patebulo la mkulu wa faculdade kudikira sayini.