Lipoti la ulendo wathu wa ku Lens, gemu ya Marseille ija

Atcheya akhala akundikumbutsa kuti ndilembe lipoti la ulendo wa ku France uja chifukwa mamembala atsopano akufunsa kuti kodi munapitiranji ku Lens m'malo mwa Paris, ndiye nali, ndalemba mmene ndikukumbukira.

Poyamba ambiri mugulu lathu la Amalawi okonda mpira kuno ku UK amafuna PSG, nkhani inali yoti tikaone Messi ndi Mbappé ndi maso. Koma matikiti ake anali okwera zoopsa ndiye msungichuma wathu, mayi osanyengerera pa ndalama aja, anangoti iyayi abale tiyeni ku Lens. Ena ananyinyirika. Chosekesa nchakuti sabata yomweyo Messi anamuimitsa kaye ku PSG chifukwa chopita ku Saudi Arabia osatsanzika, ndiye olirira Paris aja sakanamuona.

Tinanyamuka Loweruka pa 6 May 2023, tsiku lomwe amaveka ufumu Charles, London yonse misewu yotseka apolisi ali ponseponse. Sitima ya Eurostar kuchoka St Pancras kufika Lille ndi ola limodzi ndi theka basi osakwananso, kenako kasitima kena kokafika ku Lens. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi anayamba kale kale kuthamangira viza ya Schengen, mkulu wina yake inatuluka mochedwa anatsala, tikiti yake tinapatsa mlamu wake.

Lens ndi katauni kakang'ono guys, anthu ake angopitirira 30,000 pang'ono koma bwalo lawo la Bollaert-Delelis limalowa anthu pafupifupi 38,000, ndiye kuti tauni yonse itha kulowa mipando nkutsala. Kale kunali migodi ya malasha, yomaliza m'chigawo chimenecho inatsekedwa 1990, koma mapiri akuda a zinyalala za mumgodi akadalipo ku Loos-en-Gohelle, timawaona chapatali. Bambo wina wachikulire mugulu lathu anangoti duu kuwayang'ana, akuti amukumbutsa nkhani za bambo ake amene anakagwira ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela. Enafe tinali bize ndi chipisi ndi masoseji pa tima kontena ta panja pa bwalo.

Gemu inali usiku ndipo inali yolimbirana nambala 2. Marseille ya Igor Tudor inabwera ndi mapointi 70, Lens ili ndi 69, wopambana ndiye kuti wagwira mpando wolowa Champions League osadzera mmbali. Ine mpira ndauonera mma bwalo angapo kuno ku England koma phokoso lija sindinalimvepo, bwalo lonse lofiira ndi chikasu, ndipo masapota oyimba kwambiri sakhala kuseri kwa golo ngati kwina konse, amakhala mmbali mwa bwalo pa stand ya Marek, ndiye ng'oma zimakulowa mchifuwa mpaka mapeto. Alexis Sánchez wa Marseille anagoletsa koyambirira penipeni anthu zii, kenako refu anachikana akuti anayamba wakankha defenda, eee mukanaona. Chakumapeto kwa hafu yoyamba kaputeni wa Lens Seko Fofana wa ku Ivory Coast anamasula chishoti ali kunja kwa bokosi goloboyi anangouona ukudutsa. Agogo ena achizungu amene anakhala pafupi nane anandikumbatira mowa wawo kunditayikira pa jekete, sitimamvana chilankhulo koma tinakhala ngati tinakulira mudzi umodzi. Pobwera ku hafu taimu bwalo lonse linaimirira, masikafu mmwamba, kuyimba nyimbo ya anthu a mmigodi mwapang'onopang'ono, ena misozi ili mbwembwembwe. Loïs Openda anamenya chachiwiri ndi mutu, Payet anabweza chimodzi kutatsala mphindi zochepa, inatha 2-1.

Chimene ndinachikonda ine ndi mmene Lens ya kochi Franck Haise imathamangira limodzi, palibe staa woyenda pansi kudikira mpira. Timu yoti inangokwera mu Ligue 1 chaka cha 2020 koma sizoni imeneyo pakwawo inawina magemu 17 pa 19, PSG yomwe inagonja 3-1 pomwepo pa 1 January. Mapeto ake PSG inatenga ligi ndi mapointi 85, Lens 84, pointi imodzi yokha abale, ndi ndalama zonse za eni ake a PSG a ku Qatar zija. Mbappé anamwetsa zigoli 29, Openda 21. Inalinso sizoni yowawa kumunsi chifukwa anatuluka matimu anayi, Auxerre, Ajaccio, Troyes ndi Angers, pofuna kuti ligi itsale ndi matimu 18. Chondinyasa nchakuti sizoni itangotha Fofana anapita ku Al-Nassr, Openda ku Leipzig, timu yomwe tinaionayo sinadzaonekenso.

Pobwerera ndi pomwe panavuta, minibasi yomwe tinapangana nayo kuti ititule ku Lille inatisunga panja nthawi yaitali kukuzizira, dalaivala foni osayankha, tinakafika ku hotelo anthu akusinza kale. Ulendo wina kogona tizipeza mtauni momwe muli gemumo ndipo tizibuka msanga. Ndalama zotsala msungichuma anazibweza mu akaunti ya gulu, amene simunamalize zopereka zanu za ulendowu mukudzidziwa, muwaone mayiwo pa mitingi ikubwerayi.