Sabata yosaka ma subfactor a mkono wautali

Sabata ino, kupatula makalasi ndi kuchonga mayeso, ntchito yonse inali pa funso lomwe silinayankhidwebe: kodi supertransitivity ya subfactor ya index yoposa 4 ili ndi malire? Subfactor ndi von Neumann algebra ya mtundu wa factor yokhala mkati mwa inzake, ndipo index ndi nambala yoyeza kukula kwa yaikuluyo poyerekeza ndi yaing'onoyo. Subfactor imakhala ndi graph yoifotokoza yotchedwa principal graph, ndipo supertransitivity ndi kutalika kwa mkono woyamba wa graph imeneyi isanagawikane nthambi. Tikapatula omwe principal graph yawo ndi A∞ (mzere wosatha wopanda nthambi), wautali kwambiri amene tikumudziwa ndi extended Haagerup, mkono woyamba wa 7, index pafupifupi 4.377, yemwe Bigelow, Morrison, Peters ndi Snyder anamumanga mu 2009.

Lolemba tinayatsa odometer, pulogalamu yosaka ma graph otheka powatalikitsa pang'onopang'ono, pa kompyuta yaikulu ya dipatimenti, kuyambira pamwamba pa index 5¼ pomwe Afzaly, Morrison ndi Penneys anaimira pa kusanja kwawo ma subfactor. Aliyense wogwira ntchitoyi akudziwa mmene ma weed (ma graph omwe akufunika kutalikitsidwabe ndi kuunikidwa) amachulukira index ikamayandikira 6.

Lachitatu ndiye panavuta. Oyang'anira makina anatsitsa nthawi ya ntchito imodzi kufika maola 48 osatiuza. Pulogalamu inadulidwa isanasunge mndandanda wa ma weed otsala, ndipo mawerengedwe a masiku awiri anapita padera. Izi zimandipweteka chifukwa kusaka kotereku kumakhala umboni pokhapokha nthambi iliyonse yaunikidwa. Ukataya nthambi imodzi, sunganenenso kuti palibe graph ina. Tsopano tikusunga zotsatira pa depth iliyonse (mtunda kuchokera poyambira graph), koma malo osungira atipatsa ochepa, moti tikufufuta zakale kuti zatsopano zilowe.

Podikira mzere, ndinakhala ndi wophunzira wa masters kubwereza pamanja banja la Haagerup, ma graph a mikono itatu yokumana pamalo amodzi. Mikono 3, 3, 3 imapereka index (5+√13)/2. Mikono 7, 3, 3 imapereka muzu waukulu wa x³ − 8x² + 17x − 5. Iye anali ndi chiyembekezo pa 11, 3, 3, poti pakuyang'ana sikusiyana ndi anzake. Koma index ya subfactor ya finite depth (yomwe principal graph yake ili ndi mathero) iyenera kukhala cyclotomic integer, kutanthauza kuti Galois group ya polynomial yake ikhale abelian. Pa 7 zimatheka, gulu lake ndi Z/3. Pa 11 sizitheka, ndipo Asaeda ndi Yasuda anatseka banja lonse kuchokera pamenepo. Wophunzirayo anawerengera kawiri asanavomereze, ndipo ndinakondwera naye, chifukwa ambiri amangokhulupirira zomwe kompyuta yalavula.

Chimene chikusowabe ndi chifukwa chimodzi chogwira mabanja onse nthawi imodzi. Triple point obstruction (lamulo lokhudza pomwe nthambi zitatu zakumana) imagwetsa ena, cyclotomicity imagwetsa ma vine (mabanja a ma graph osiyana kutalika kwa mkono woyamba kokha), koma banja lililonse timalimbana nalo palokha.

Lachisanu madzulo odometer inayambanso kuchokera pa depth yoyamba, yogawidwa m'zidutswa zoti chilichonse chithe maola 48 asanakwane.